Ndani ali ndi mawu omaliza pa tanthauzo la Malemba?

Mu Okutobala 1529, m'nyumba yachifumu ya ku Marburg m'dziko la Germany, munakumana akuluakulu awiri amene onse anali atachoka kale pansi pa ulamuliro wa Papa. Wina anali Martin Luther wa ku Wittenberg, winayo Ulrich Zwingli wa ku Zurich. Onse ankaphunzitsa kuti Baibulo ndilo muyeso wa chiphunzitso chilichonse. Onse ankawerenga Chigiriki, onse anali anthu opemphera, ndipo palibe amene akanatchedwa mbuli. Anawaitana ndi kalonga Philip wa ku Hesse, poopa kuti akapitiriza kukokanakokana, adani awo awaphwanya mosavuta. Pa mfundo 15 zimene zinalembedwa pomaliza, anagwirizana pa 14. Yotsalayo inali ya Mgonero wa Ambuye. Luther analemba ndi choko patebulo mawu a Yesu akuti "ili ndi thupi langa", nanenetsa kuti sasuntha pamenepo: ngati Ambuye anati ndi thupi, ndiye kuti ndi thupi. Zwingli anayankha ndi Yohane 6:63, pamene akuti wopatsa moyo ndi mzimu ndipo thupi silithandiza kanthu, nati mkatewo umangoimira thupilo. Anabalalika osamvana, ndipo mipingo ya Lutheran ndi ya Reformed inayenda njira zosiyana kwa zaka mazana.

Anthu akamafunsa ngati Mkhristu ali ndi ufulu wodzitanthauzira yekha Malemba, nthawi zambiri amaganiza za munthu wamba, wosapita ku sukulu yaubusa, amene watsegula Baibulo lake usiku asanagone. Komatu amene anagawanitsa mipingo m'mbiri ya Chikhristu ambiri sanali anthu otere. Anali ansembe, maepiskopi ndi aphunzitsi a m'mayunivesite. Nkhani sinagone pa kuwerenga, chifukwa lero palibe mpingo waukulu umene umaletsa mkhristu wake kuwerenga Baibulo. Sinagonenso pa kumvetsa, pakuti kuwerenga kulikonse n'kutanthauzira kale. Munthu sangawerenge Mateyu 5:29, pamene Yesu akuti diso likakuchimwitsa ulikolowole, popanda kugamula mumtima mwake ngati akunena za mpeni weniweni kapena ayi. Pagona nkhani ndi apa: anthu awiri oona mtima akawerenga ndime imodzi n'kumva zosiyana, pa chinthu chimene mpingo wonse uyenera kutsata, womaliza kulankhula akhale ndani?

Chovuta choyamba n'chakuti Baibulolo limapereka zida kumbali zonse ziwiri. Amene amati munthu asamadzidalire amatchula nduna ya ku Itiyopiya ya m'Machitidwe 8, imene inkawerenga Yesaya m'galeta lake. Filipo ataifunsa ngati ikumva zimene ikuwerenga, inayankha kuti ingamve bwanji popanda woitsogolera. Amatchula Nehemiya 8, pamene Alevi ankawerenga Malamulo n'kumafotokozera anthu tanthauzo lake. Amatchula Machitidwe 15: mkangano wa mdulidwe utavuta ku Antiokeya, aliyense sanangopita kwawo kukawerenga yekha, koma nkhaniyo inapita kwa atumwi ndi akulu ku Yerusalemu, ndipo chigamulo chinatumizidwa m'kalata. Pali 1 Timoteyo 3:15, imene imatcha mpingo mzati ndi maziko a choonadi. Pali 2 Atesalonika 2:15, yoti agwiritsitse zimene anaphunzitsidwa, kaya pakamwa kaya m'kalata. Ndipo pali chenjezo la pa 2 Petro 3:16 lakuti m'makalata a Paulo muli zina zovuta kumvetsa, zimene osaphunzira ndi osakhazikika amapotoza n'kudziwononga nazo.

Anzawo nawo sasowa poloza. Ayuda a ku Bereya anayamikiridwa chifukwa ankafufuza m'Malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zonena za Paulo zinali zoona (Machitidwe 17:11). Anthu wamba kuyesa mtumwi ndi buku, wolemba n'kuwatcha amtima wabwino. Paulo yemweyo anauza Agalatiya kuti ngakhale iye mwini kapena mngelo wochokera kumwamba atabwera ndi uthenga wina, asamumvere, ndipo lamulo lotere lilibe ntchito ngati omverawo sangathe kusiyanitsa okha. M'kalata yomweyo akusimba mmene anadzudzulira Petro pamaso. Kalata yoyamba ya Yohane (2:27) imati kudzoza kumene okhulupirira analandira kumawaphunzitsa. Yesunso kangapo konse anafunsa akatswiri a Malamulo kuti "Kodi simunawerenge?", ngati wonena kuti mawuwo anali omveka, vuto linali mwa iwo.

Ndime imene imatchulidwa kwambiri pamkanganowu ndi 2 Petro 1:20, yonena kuti palibe uneneri wa m'Malemba umene uli nkhani ya kutanthauzira kwa munthu payekha. Ena amamva kuti woletsedwayo ndi wowerenga. Ena amati tiyang'ane vesi yotsatira, imene ikuti uneneri sunabwere mwa kufuna kwa munthu koma anthu analankhula motsogozedwa ndi Mzimu Woyera; choncho Petro akunena za gwero la uneneri, kuti mneneri sanaupeke m'mutu mwake, osati za wowerenga wa lero. Akatswiri amagawanika mpaka pano. Ndiye kuti vesi imene anthu amafuna kuti ithetse mlandu wa kutanthauzira nayonso ikudikira woitanthauzira.

Mpingo woyambirira unakumana ndi vutoli msanga. Cha m'ma 180, Irenaeus, episkopi wa ku Lyon, ankalimbana ndi magulu amene ankatola mawu a Yesu ndi a Paulo n'kuwalumikiza mwa njira yoti atulutse chiphunzitso chachilendo. Iye anati anthuwa akunga munthu amene waphwasula chithunzi cha mfumu chosanjidwa ndi timiyala tamtengo wapatali, n'kutisanjanso kuti tioneke ngati galu kapena nkhandwe, kenaka n'kumauza anthu kuti nayi mfumu ija. Timiyala n'tomweto, chithunzi n'china. Mankhwala ake anali chidule cha chikhulupiriro chimene munthu ankalandira pobatizidwa ndipo chinkaphunzitsidwa poyera m'mipingo yoyambitsidwa ndi atumwi. Tertullian wa ku Carthage anachita kunyanya: anati ampatuko asamaloledwe n'komwe kukangana ndi Malemba m'manja, chifukwa mabukuwo si awo.

Mlandu wa Arius unasonyeza kuti mavesi okha sathetsa nkhani. Wansembe wa ku Alexandria ameneyu ankaphunzitsa kuti Mwana analengedwa ndi Atate, ndipo anali ndi mavesi ake: Miyambo 8:22, Akolose 1:15, ndi Yohane 14:28 pamene Yesu akuti Atate ndi wamkulu kuposa iye. Otsutsana naye anali ndi Yohane 1:1 ndi 10:30. Malinga ndi Athanasius, amene pambuyo pake anakhala episkopi wa ku Alexandria, ku msonkhano wa ku Nicaea mu 325, mawu alionse a m'Baibulo amene maepiskopi ankayesa kugwiritsa ntchito, a mbali ya Arius ankawavomera n'kuwamva mwa njira yawo. Pomaliza msonkhanowo unasankha liwu limene mulibe m'Baibulo, lonena kuti Mwana ndi Atate ali ndi umulungu umodzi womwewo. Pafupifupi mipingo yonse ya lero imene imakhulupirira Utatu Woyera, ngakhale imene imanena kuti imatsata Baibulo lokha, imawerenga Yohane 14:28 ndi maso a ku Nicaea, kaya ikudziwa kaya sikudziwa.

Izi sizinatanthauze kuti akhristu eni ake atalikirane nalo buku. John Chrysostom, mlaliki wotchuka wa m'zaka za m'ma 300, ankakalipira omvera ake amene ankati kuwerenga Malemba ndi ntchito ya amonke. Ankati munthu wapabanja, amene ali pakati pa zipsinjo za dziko, ndiye akufunika mankhwalawo koposa. Augustine wa ku Hippo anapereka muyeso umene aliyense angaugwiritse ntchito: amene akuganiza kuti wamvetsa Malemba, koma kumvetsa kwakeko sikukukulitsa chikondi cha pa Mulungu ndi pa mnzake, sanamvetse. Koma Augustine yemweyo ndi amene analemba kuti sakanakhulupirira Uthenga Wabwino ukanapanda ulamuliro wa Mpingo wa Katolika kumusonkhezera. N'chifukwa chake mbali zonse ziwiri zimamukoka kuti ndi wawo.

Za zaka zapakati pamanenedwa zambiri zokokomeza. Si zoona kuti Baibulo linali loletsedwa paliponse kwa zaka chikwi. Buku lokopedwa pamanja linali lodula koopsa, anthu ambiri sankadziwa kuwerenga, ndipo Luther asanamasulire lake munali mutasindikizidwa kale Mabaibulo a Chijeremani maulendo 18, kuyambira mu 1466. Koma si zoonanso kuti kunalibe ziletso. Msonkhano wa ku Toulouse mu 1229 unaletsa anthu wamba a m'chigawocho kukhala ndi mabuku a Baibulo kupatula Masalimo ndi mabuku a mapemphero. Ku England, chifukwa cha otsatira John Wycliffe, malamulo a 1409 analetsa kumasulira Malemba m'Chingerezi popanda chilolezo cha episkopi. William Tyndale, amene anasindikiza Chipangano Chatsopano cha Chingerezi mu 1526, anaphedwa ngati wampatuko mu 1536 ku Vilvoorde. Ziletso zinkabwera makamaka kumene kwabuka gulu lotsutsa akuluakulu a mpingo.

Luther ndiye anaika funsoli poyera. M'kabuku kake ka mu 1520 kolembera akalonga a ku Germany, anati Roma yadzimangira makoma atatu, ndipo lachiwiri ndi lonena kuti Papa yekha ndiye angatanthauzire Malemba. Anatsutsa ponena kuti obatizidwa onse ndi ansembe. Pa 18 Epulo 1521, ku Worms, pamaso pa mfumu Charles V, anakana kubweza zimene analemba pokhapokha atamutsimikizira ndi Malemba kapena ndi mfundo zomveka, pakuti apapa ndi misonkhano analakwitsapo ndiponso kutsutsana okhaokha. Chikumbumtima chake, anatero, chinali chomangidwa ndi Mawu a Mulungu. Yankho la mfumu tsiku lotsatira silinali lopusa ayi: m'monke mmodzi amene akutsutsana ndi Chikhristu chonse cha zaka chikwi ndi kuposa ayenera kuti ndiye walakwa.

Sipanapite nthawi, Luther analawa mankhwala ake omwe. Mu 1525 alimi a kummwera kwa Germany analemba madandaulo 12, m'mphepete mwake ataikamo mavesi, ponena kuti popeza Khristu anawombola onse ndi magazi ake, palibe woyenera kukhala kapolo wa mwini munda. Analonjezanso kuchotsa mfundo iliyonse imene angasonyezedwe kuti ikutsutsana ndi Malemba, chimodzimodzi mmene Luther analankhulira ku Worms. Nkhondo itabuka, Luther analemba zolimbikitsa akalonga kuti awakanthe, ndipo anthu ankhaninkhani anafa. Ku Zurich, ophunzira ena a Zwingli anawerenga Chipangano Chatsopano osapezamo ubatizo wa makanda, nayamba kubatizana akuluakulu. Mmodzi wa iwo, Felix Manz, anamizidwa mumtsinje wa Limmat mu Januwale 1527 molamulidwa ndi boma la mzindawo, limene linali la Chiprotestanti. Ku Münster, mu 1534 ndi 1535, gulu lina linalanda mzinda, kuutcha Yerusalemu Watsopano, n'kuyambitsa mitala potengera makolo a m'Chipangano Chakale. Luther atayendera mipingo ya kumidzi ya ku Saxony n'kuona umbuli wa anthu ndi abusa omwe, analemba makatekisimu awiri mu 1529. Munthu amene anagwetsa khoma uja anayamba kumanga mpanda wake.

Mpingo wa Katolika unayankha ku msonkhano wa ku Trent pa 8 Epulo 1546. Ndi bwino kumva zimene lamulolo linanenadi, chifukwa ambiri amalitchula osaliwerenga. Linati pa nkhani za chikhulupiriro ndi makhalidwe, munthu asadalire nzeru zake n'kukhotetsera Malemba ku maganizo ake, motsutsana ndi tanthauzo limene Mpingo wakhala ukugwira, kapena motsutsana ndi zimene aphunzitsi akale a Mpingo anagwirizana onse. Silinati munthu asaganize. Linaika malire: ganiza, koma usatulukire kunja kwa mpandawu. M'zochitika, komabe, zinthu zinathina kuposa apo. Malamulo a 1564 anafuna kuti wowerenga Baibulo m'chinenero chake akhale ndi chilolezo cholembedwa, ndipo m'maiko ngati Italy ndi Spain mibadwo ingapo ya Akatolika inakula osaligwira m'chinenero chawo.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti zikalata za chikhulupiriro za Aprotestanti oyambirira nazonso sizinena kuti aliyense amve mmene wafunira. Heinrich Bullinger, amene analowa m'malo mwa Zwingli, m'chivomerezo chake cha 1566 anatchula 2 Petro 1:20 yomwe ija, nati si tanthauzo lililonse limene amalivomereza. Lovomerezeka ndi lochokera m'Malemba momwemo, poyang'ana chinenero, zochitika za nthawiyo ndi ndime zina zomveka bwino. Mfundo 39 za Mpingo wa Anglican zimati mpingo uli ndi ulamuliro pa mikangano ya chikhulupiriro, kungoti sungalamule chotsutsana ndi Mawu olembedwa, kapena kufotokoza ndime imodzi mwa njira yogundana ndi inzake. Chivomerezo cha ku Westminster cha 1646, chimene Apresbateria amatsata, chimavomera kuti si zonse za m'Baibulo zili zomveka mofanana kapena kwa aliyense. Chimati zofunika pa chipulumutso ndizo zili poyera, moti wophunzira ndi wosaphunzira yemwe angazimvetse mokwanira pogwiritsa ntchito njira zoyenera. Chimapatsa masinodi mphamvu yogamula mikangano, koma n'kuwonjezera kuti misonkhano yonse kuyambira nthawi ya atumwi ikhoza kulakwitsa, ndipo yambiri inalakwitsadi. Kusiyana kwenikweni ndi Roma kuli pamenepa. Onse ali ndi aphunzitsi, onse ali ndi mabwalo ogamula. Koma Mprotestanti amati chigamulo cha bwalolo chingathe kuunikidwanso ndi Malemba n'kupezeka cholakwa, pamene Mkatolika amati pali zigamulo zina zimene Mzimu Woyera amaziteteza kuti zisalakwike.

Mbali ya Katolika nayo sinaime pamene inali mu 1546. Papa Pius XII, m'kalata yake ya 1943, analimbikitsa akatswiri kufufuza Baibulo m'zinenero zake zoyambirira, ndipo ananena poyera kuti ndime zimene Mpingo unagamula tanthauzo lake ndi zochepa chabe. Zitsanzo za ndime zotere ndi monga Yohane 3:5 pa ubatizo wa madzi, Yohane 20:23 pa kukhululukira machimo, ndi Yakobo 5:14 pa kudzoza odwala. Chikalata cha Dei Verbum, chimene msonkhano wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa pa 18 Novembala 1965, chinati Malemba akhale otsegukira Akhristu onse ndipo chinawalimbikitsa kuwerenga kawirikawiri. Chinasungabe mfundo yakuti kutanthauzira kokhala ndi mphamvu yomanga Mpingo wonse ndi kwa Papa ndi maepiskopi, koma chinati udindo umenewu suli pamwamba pa Mawu a Mulungu, umangowatumikira. Choncho Mkatolika wa lero ali ndi bwalo lalikulu losinkhasinkhira kuposa mmene anzake ambiri amaganizira. Mipingo ya Orthodox ili ndi njira yakeyake: ilibe Papa, imalemekeza misonkhano 7 ya pakati pa 325 ndi 787, ndipo imati chigamulo chimakhazikika pamene mpingo wonse wachilandira. Maepiskopi awo atasaina mgwirizano ndi Roma ku Florence mu 1439, anthu a kwawo anaukana, ndipo unafera pomwepo.

Mbali iliyonse ili ndi funso limene imavutika kuyankha. Mprotestanti amafunsidwa: ndi vesi iti imene imatchula mabuku oyenera kukhala m'Baibulo? Palibe. Mndandanda wakale kwambiri wa mabuku 27 a Chipangano Chatsopano monga tili nawo lero uli m'kalata ya Athanasius ya mu 367, ndipo mpaka pano Baibulo la Aprotestanti lili ndi mabuku 66 pamene la Akatolika lili ndi 73. Amene wanyamula Baibulo wakhulupirira kale chigamulo cha mpingo asanatsegule tsamba loyamba. Amafunsidwanso kuti, ngati zofunika zili poyera, bwanji anthu opemphera Mzimu mmodzi sagwirizana pa ubatizo, pa Mgonero, pa Sabata, pa kudzoza amayi? Kuyankha kuti zimenezo si zofunika sikuthandiza kwenikweni, chifukwa kusankha zofunika ndi zosafunika nakonso n'kutanthauzira.

Mkatolika nayenso ali ndi lake. Munthu amene wasankha kugonjera Roma, osati Constantinople wa a Orthodox kapena Geneva wa Aprotestanti, wasankha ndi nzeru za yani? Ndi zake zomwe. Wawerenga Mateyu 16:18, pamene Yesu akuuza Petro za thanthwe lomangapo mpingo wake, waona mbiri, wagamula. Ndiponso zikalata za apapa ndi misonkhano ndi zolembedwa, ndipo cholembedwa chilichonse chimafuna wochimva. Akatolika akhala akukangana za tanthauzo la msonkhano wachiwiri wa ku Vatican uja, wa 1962 mpaka 1965, kuyambira pamene unatha. Pamwamba pa izo pali mlandu wa Galileo, wasayansi amene ankati dziko ndilo limazungulira dzuwa. Mu 1615 Kadinala Robert Bellarmine anatchula lamulo la ku Trent lija pochenjeza kuti aphunzitsi akale onse ankamva kuti dzuwa ndilo limayenda, monga zikumvekera pa ndime ngati Yoswa 10, pamene dzuwa linaimitsidwa. Galileo anaweruzidwa mu 1633. Mu 1992 Papa John Paul II anavomera kuti pa kamvedwe ka Malemba, Galileo anaona patali kuposa akatswiri a zaumulungu amene ankamutsutsa. Akatolika amati chigamulo chija sichinali m'gulu la zosalakwika, ndipo n'zoona. Koma kwa munthu amene anali pamaso pa bwalo mu 1633, kusiyana kumeneko sikukanamuthandiza.

Pano ndi pamene ine ndimakana kuvomera msanga zoti chitetezo chili m'kuchuluka. Amati mutu umodzi susenza denga, koma mitu yambiri ikhoza kusenza denga bwinobwino n'kukaliika pa nyumba yolakwika. Ukapolo sunatetezedwe ndi anthu osokonekera owerenga okha m'zipinda. Unatetezedwa ndi abusa ophunzira, ndi mavesi, m'misonkhano yovomerezeka. Mpingo wa Southern Baptist ku America unabadwa mu 1845 pa mkangano wokhudza eni akapolo, ndipo unapepesa mu 1995. Mu 1807 ku London kunasindikizidwa Baibulo lodulidwa la akapolo a kuzilumba za West Indies: munali Aefeso 6:5, yoti akapolo amvere ambuye awo, koma nkhani ya Aisraeli kutuluka mu ukapolo ku Ejipito inachotsedwa, pamodzi ndi Agalatiya 3:28. Odulawo ankadziwa bwino zimene kapolo angamve atawerenga yekha. Ku South Africa, sinodi yaikulu ya mpingo wa Dutch Reformed mu 1974 inavomereza chikalata chogwiritsa ntchito nkhani ya nsanja ya Babele poikira kumbuyo kulekanitsa mitundu. Amene anawerenga molondola anali Akhristu oponderezedwawo, amene analemba Chivomerezo cha ku Belhar mu 1982. Koma taonaninso mmene anachitira: sanati aliyense amve zake. Anakhala pamodzi, anatsutsa Malemba ndi Malemba, nabweretsa mlandu wawo pamaso pa mipingo ya dziko lonse.

Kuopsa kwa kuwerenga wekhawekha nako kulipo, ndipo kuli ndi mayina. William Miller, mlimi wa Chibaptist wa ku New York, anaika pambali mabuku onse ofotokoza Baibulo, natsala ndi Baibulo ndi buku lolozera mavesi. Kuchokera pa masiku 2,300 a pa Danieli 8:14 anawerengetsa kuti Yesu abwera cha m'ma 1843 kapena 1844, ndipo otsatira ake anakhazikika pa 22 Okutobala 1844. Ena anasiya mbewu m'minda osakolola. Harold Camping, mwini mawu pa wailesi ya Family Radio ku California, anayamba wauza omvera ake kuti atuluke m'mipingo yonse, kenaka analengeza kuti tsiku la chiweruzo lidzakhala pa 21 Meyi 2011. Ku Shakahola m'dziko la Kenya, kuyambira mu Epulo 2023, apolisi anafukula mitembo yoposa 400 ya otsatira Paul Mackenzie, amene akuti anauzidwa kusala kudya mpaka kufa kuti akakumane ndi Yesu.

Tikayang'anitsitsa nkhani zitatuzi, zikuonetsa china chosiyana ndi chimene anthu amazitchulira. Anthu masauzande aja sanali kudzitanthauzira okha. Wotanthauzira anali mmodzi, wopanda womufunsa, ndipo ena onse anasiya kuyesa zonena zake. Chimene chinasowa ku Shakahola ndi anthu a ku Bereya. Masiku ano mlaliki akhoza kunyoza apapa ndi masinodi, kunena kuti iye amatsata Baibulo lokha, koma mumpingo mwake kukhala ndi mphamvu zimene Papa aliyense sanakhalepo nazo, chifukwa Papa amamangidwa ndi misonkhano ndi zigamulo za am'mbuyo mwake, pamene uyu amangoti "Mzimu wandiuza". Ukamufunsa, yankho limakhala Masalimo 105:15, yoti musakhudze odzozedwa anga, ndime imene m'malo mwake ikunena za Mulungu kuteteza Abrahamu, Isake ndi Yakobo kwa mafumu achilendo, osati za mlaliki kuthawa mafunso.

Kupotoza kotere kumaphweka chifukwa cha mmene Mabaibulo athu anasanjidwira. Olemba sanalembe mavesi. Mitu imene tili nayo imagwirizanitsidwa ndi Stephen Langton, amene anamwalira mu 1228, ndipo manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. Manambalawo amathandiza kupeza malo, koma amachititsanso kuti chiganizo chioneke ngati chingaime pachokha. Afilipi 4:13, yoti ndikhoza zonse mwa iye wondipatsa mphamvu, inalembedwa ndi munthu ali m'ndende, akunena za kupirira njala ndi kusowa. Yeremiya 29:11, yoti Mulungu akulingalira zabwino za anthu ake, inalembedwera anthu amene vesi 10 yangowauza kuti akhala ku Babulo zaka 70. Satana yemwe, poyesa Yesu, anatchula Masalimo 91 molondola ndithu, ndipo Yesu anamuyankha ndi Deuteronomo. Zambiri zimene zimatchedwa vumbulutso latsopano zimasungunuka munthu akangowerenga mutu wonse, n'kufunsa kuti akulankhula ndani, kwa yani, ndipo ndi ndakatulo, lamulo, mbiri kapena fanizo. Zimenezi sizifuna digiri.

Ndiye yankho langa ndi lakuti inde, Mkhristu angathe, ndipo sangachitire mwina. Ngakhale womvera mpingo wake pa zonse amayenera kumva yekha zimene mpingowo ukunena. Koma ufulu womva si ufulu womanga ena, ndipo si chitsimikizo choti wamva bwino. Munthu akapeza m'ndime tanthauzo limene palibe Mkhristu wina analionapo m'zaka pafupifupi 2,000, n'kutheka kuti waona chimene onse anaphonya, koma kawirikawiri amakhala kuti waphonya chimene onse anaona. Apolo, katswiri wa Malemba wa ku Alexandria, anakonzedwa ndi Prisila ndi Akula, anthu osoka mahema, ndipo anamvera (Machitidwe 18:24-26). Kukonzana kumayenda mbali zonse ziwiri.

Chotsala ndi chimene munthu amachita akawerenga, napemphera, nafunsa, koma n'kupezabe kuti sakugwirizana ndi mpingo wake. Apa mipingo imasiyanadi. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992 amati munthu ayenera kumvera chikumbumtima chake chikatsimikiza, komanso kuti chikumbumtima chikhoza kusokera ndipo chiyenera kuphunzitsidwa. Wokayikayo angafunse, angafufuze, koma sangaphunzitse maganizo ake ngati chiphunzitso cha Mpingo. Kwa Apresbateria nkhani imakwera kuchokera ku bwalo la akulu ampingo, kupita ku presbiterio mpaka ku sinodi, ndipo wogonja ali ndi mwayi wolembetsa kusagwirizana kwake. Kwa Abaptist mpingo wa pamalo ndiwo umagamula, nthawi zambiri mwa voti. Mboni za Yehova, zimene zimawerenga Baibulo mwakhama kuposa ambiri, zimasiya kutanthauzira m'manja mwa Bungwe Lolamulira, ndipo wolimbikira kuphunzitsa zosiyana amachotsedwa. M'mipingo yambiri yoima payokha mulibe bwalo lililonse lopitako pamwamba pa woyambitsa, choncho wosagwirizana amangonyamula Baibulo lake ndi anthu ochepa omumvera n'kukayambitsa wina.